Ana a Machona ndi Gitala la Pakomboni

Akonzi a kalata yathu atandipempha kuti ndilembeko za mbiri yakale, ndinasankha kulemba za abale athu amene sanabwerere kumudzi, ana a machona a ku Zimbabwe. Ndikamba makamaka za awiri mwa iwo, Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, oimba amene luso lawo linaumbidwa m'makomboni a m'mafamu momwe makolo athu ankakhetsa thukuta.

Nonse mukukumbukira zimene tinkaphunzira m'kalasi za msonkho wa atsamunda. Msonkhowu unkathamangitsa amuna a ku Nyasaland kukasaka ndalama kunja. Ena ankalembedwa ndi Wenela kupita kumigodi ya ku South Africa, ena ndi Mthandizi kupita ku Southern Rhodesia, ndipo ambiri ankangoyenda okha wapansi, kudzera ku Tete ndi kuwoloka Zambezi. Pa nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, anthu ankapitabe mwaunyinji. Ambiri anakwatira komweko, nabereka ana, ndipo kumudzi anangotsala maina awo.

Chimene mabuku athu sanatiuze ndi moyo wa mwana wobadwira pakomboni. Pafamu ya fodya kapena ya chimanga pankakhala Achewa, Ayao, Asena ndi Angoni ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, pamodzi ndi Ashona eni dziko. Mwana ankamva zilankhulo zitatu kapena zinayi asanaponde m'kalasi, ndipo sukulu ya pafamu sinkapita patali. Tsiku lopuma kunkatuluka gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, kwinako Ayao akuvina beni. Mwana wotere analibe munda, analibe mfumu ya mudzi, ndipo kwawo kwenikweni ankangokumva m'nkhani za akulu madzulo. Chimene anali nacho chochuluka ndi makutu.

Nicholas Zakaria anabadwa mu 1956 m'dera la Mazowe, makolo ake ali a ku Malawi. M'zaka za m'ma 1980 ndiye ankatsogolera gulu la Khiama Boys, loimba chamba cha sungura. Chambachi chinachokera ku nyimbo za rumba ndi kanindo za ku Congo, Tanzania ndi Kenya, ndipo dzinalo m'Chiswahili limatanthauza kalulu, zomwe n'zoyenera ndithu poona liwiro la magitala ake. Oimba ambiri, monga System Tazvida ndi Macheso, anadutsa m'manja mwa Zakaria, mpaka anthu anamupatsa dzina loti Senior Lecturer. Ife amene tinavutikira masatifiketi tisanyoze: ophunzira ake anadzaza mabwalo kuposa a mphunzitsi aliyense amene ndikumudziwa.

Macheso anabadwa mu 1968 ku Shamva, bambo ake ali Mmalawi, ndipo anakulira pafamu. Ku Khiama Boys ankaimba gitala la besi, lomwe kwa ena limangokhala kumbuyo, koma iye analikokera kutsogolo mpaka likamalira ngati likuyankhula. Atachoka kwa Zakaria anayambitsa gulu lake la Orchestra Mberikwazvo, natulutsa chimbale cha Magariro mu 1998. Mu 2000 kunatuluka Simbaradzo, chimbale chomwe chinamukweza pamwamba pa oimba onse a sungura, ndipo mwa nyimbo zake zotchuka munali ya Chichewa, Mundikumbuke.

Pano ndipo pali nkhani yanga. Kwa nthawi yaitali anthu ophunzira a m'tauni ankaiona sungura ngati nyimbo za anthu a m'mafamu ndi m'mabawa. Nawonso anthu ochokera ku Malawi ankanyozedwa ndi maina monga mabwidi, kotero kuti ana ambiri ankabisa Chichewa chawo akafika mu Harare. Zakaria ndi Macheso sanachibise. Ankayamba nyimbo m'Chishona, pakati n'kulowa m'Chichewa, monga momwe anthu amayankhulira pakomboni. Nkhani za m'nyimbo zawo ndi za komweko: umasiye, umphawi, kugwirira ntchito mwini chuma, nsanje ya anansi, ndi malangizo a m'banja operekedwa ngati a nankungwi. Ine ndimaona kuti mtima wodandaula umene umamveka pansi pa magitala othamangawo ndi wa munthu wokulira pamalo pomwe tsiku lililonse angauzidwe kuti asamuke. Ena adzati ndikuwonjeza, popeza oimba a Chishona nawonso amaimba za umphawi. N'zoona, koma sindikhulupirira kuti zinangochitika mwangozi kuti John Chibadura, wa makolo ochokera ku Mozambique, ndi abale a Somanje a gulu la Pengaudzoke, a magazi a ku Malawi, onse anatulukira m'chamba chomwechi.

Chaka cha 2000 chomwecho, dziko lonse likuvina nyimbo ya Chichewa, ndi pomwe kulanda mafamu a azungu kunayamba. Antchito a m'mafamu ambirimbiri anachotsedwa m'makomboni, ndipo ochokera kunja analibe mudzi wothawirako. M'zaka zomwezo Pulezidenti Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti alibe mutupo, kutanthauza mfunda, ngati kuti a Phiri, a Banda ndi a Mwale anagwa kuchokera kumwamba. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo obadwira ku Zimbabwe amene makolo awo anali akunja anauzidwa kuti akane unzika wa dziko la makolowo, dziko lomwe ambiri anali asanalionepo. Amene sanatero anataya ufulu wovota, ziphaso zawo zikuwasonyeza ngati alendo.

Malamulo atsopano oyendetsera dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera ku maiko a SADC. Komabe ambiri zinawavuta kuti apindule nawo, chifukwa kubadwa kwawo pafamu sikunalembedwe paliponse, ndipo makolo amene akanawachitira umboni anali atamwalira kale.