Utoto Umene Unapalidwa pa Mipando ya a Shaker

M'chaka cha 1937, Edward Deming Andrews ndi mkazi wake Faith anatulutsa buku lotchedwa Shaker Furniture, limene linali ndi zithunzi zojambulidwa ndi William F. Winter. Zithunzizo zinali zakuda ndi zoyera basi. Oziona anaona zipinda zambee, mipando yowongoka ndi makabati opanda chokongoletsa, ndipo ambiri anakhulupirira kuti a Shaker ankadana ndi utoto. Chikhulupiriro chimenechi chinawonongetsa mipando yambiri.

A Shaker anali gulu la chipembedzo limene mtsogoleri wake, Ann Lee wa ku Manchester, anafika ku New York mu 1774 ndi omutsatira ochepa. Sankakwatira, chuma chinali cha onse, ndipo ziwiya za m'nyumba ankapanga okha. Koma utoto sankauopa. Malamulo awo a 1845, otchedwa Millennial Laws, ananena kuti mabedi azipakidwa utoto wobiriwira, ndipo m'kati mwa nyumba yopemphereramo muzikhala mwa buluu. Makabati ndi mabokosi ambiri anali achikasu chowala kapena ofiira ngati katondo.

Gululo litachepa, midzi yawo inayamba kutsekedwa: Mount Lebanon mu 1947, Hancock mu 1960. Katundu anagwa m'manja mwa amalonda ndi anthu okonda zinthu zakale, amene maso awo anali atazolowera kale kukongola kwa thabwa losapaka. Utoto wakale, umene tsopano unali wothimbirira ndi wosuwa, ankauona ngati litsiro. Ankaunyowetsa ndi mankhwala, kuupala, kukwecha thabwalo ndi sandipepala, kenaka n'kuthira vanishi. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthuwa sanali osasamala. Ankaganiza kuti akubwezeretsa mpandowo mmene unalili poyamba, pomwe ankafufuta umboni weniweni wa chiyambi chakecho.

Zinthu zinatembenuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900, pamene akatswiri osamala zinthu zakale anayamba kuchotsa kachibenthu ka utoto kochepa ngati mchenga, kawirikawiri m'ngodya kapena m'ming'alu momwe wopala sanafike, n'kukaunika ndi maikulosikopu. Pamenepo utoto umaoneka wosanjikizana, wakale pansi, watsopano pamwamba. Mitundu imene inapezeka inali yowala modabwitsa. Pamsika napo mitengo inasintha: kabati yokhala ndi utoto wake woyamba, ngakhale wokandikakandika, inayamba kudula kuposa inzake yonyezimira ndi vanishi.

Komabe maikulosikopu inabweretsa vuto lake. A Shaker eniake ankapakanso katundu wawo akatha, ndipo mibadwo yam'mbuyo inakonda vanishi ngati anthu ena onse a nthawi yawo. Wokonza kabati amene afuna kufika pa chikasu cha zaka za m'ma 1830 ayenera kuyamba wachotsa zimene m'Shaker wina anapakapo ndi manja ake patapita zaka makumi asanu.