Participium m'galamala ya Chilatini

Participium ndi mawu ochokera ku mneni koma ogwira ntchito ngati mfotokozi. Mneni amare, kutanthauza kukonda, ali ndi mitundu inayi ya participium: amans, wokonda tsopano lino, amatus, amene adakondedwa, amaturus, amene adzakonda, ndi amandus, woyenera kukondedwa. Mathero a mawuwa amasintha kuti agwirizane ndi dzina lomwe akufotokoza: puer amatus, mnyamata wokondedwa, puella amata, mtsikana wokondedwa, pueri amati, anyamata okondedwa. M'Chichewa mgwirizano wotere umaonekera kumayambiriro kwa mawu, pomwe m'Chilatini uli kumapeto. Dzina loti Amanda lidachokera ku amandus. Kuno ku Malawi, Chilatini chimaphunzitsidwa ku Kamuzu Academy, sukulu ya ku Mtunthama m'boma la Kasungu yomwe idatsegulidwa mu 1981.