Madeya, dokotala Burkitt ndi mimba yosamva mankhwala

Sabata ino ndakutengerani nkhani imene timaikamba chonong'ona, nkhani ya m'mimba.

Mwina mukumudziwa munthu wotere, kapena ndinu nomwe. M'mimba mumapotokola, mimba imafufuma ngati ng'oma, sabata ino kudzimbidwa, sabata yamawa kuthamangira kuseri. Kuchipatala amuyeza malungo, amuyeza chimbudzi, osapeza kanthu. Abwerako ndi timapilisi, mwezi usanathe zayambiranso. Kuno ku Ulongwe, pamsewu wochoka ku Liwonde kupita ku Mangochi, tilipo amayi a geni amene timakwera minibasi kukapikula katundu osalawa ngakhale tiyi, kuopa kuimitsa galimoto panjira. Ena amati ndi zilonda za m'mimba, ena amati munthuyo anadyetsedwa. Komatu vutoli lili ndi dzina, lilinso ndi mbiri yake, ndipo pakatikati pa mbiriyo pali madeya.

Madokotala amalitchula irritable bowel syndrome, mwachidule IBS, kutanthauza matumbo osachedwa kunyanyuka. Mu 1892 dokotala wotchuka wa ku Canada, William Osler, analemba za vutoli m'buku lake, n'kuliika pa anthu amanjenje ndi odandauladandaula. Kwa zaka zambiri odwala ankauzidwa kuti matendawo ali m'mutu mwawo basi. Mukaona bwino, sizikusiyana kwenikweni ndi mmene ife timanenera mnzathu kuti akudzidwalitsa.

Kenako panabwera Denis Burkitt. Anabadwira ku Ireland mu 1911, ndipo anagwira ntchito ya maopaleshoni pachipatala cha Mulago ku Kampala, m'dziko la Uganda. Ndi yemwe uja dzina lake lili pa khansa yotupitsa nsagwada za ana, imene mpaka lero amachiza ku Queens ku Blantyre. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pagalimoto yakale kwa masabata 10, kuyendera zipatala zoposa 50 kufunafuna komwe khansayo imapezeka, ndipo anadutsanso m'dziko lathu lino likadali Nyasaland.

Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. M'zaka zonse anakhala mu Africa, Burkitt anaona chinthu chimene eni akefe sitinkachiwerengera. Matenda a m'matumbo amene ankadzaza zipatala za ku Britain, monga kudzimbidwa kosatha ndi khansa ya m'matumbo, ankaoneka mwa apo ndi apo m'zipatala za kumidzi kuno. Ndiye anachita zoti enafe sitingayerekeze: anayamba kuyeza chimbudzi cha anthu pasikelo. Mu 1972 iye ndi anzake anasindikiza zimene anapeza. Munthu wa kumudzi ku Uganda ankatulutsa pafupifupi theka la kilogalamu patsiku, ndipo chakudya chinkatenga tsiku limodzi ndi theka kudutsa m'thupi mwake. Mngelezi wodya buledi woyera ndi shuga ankatulutsa magalamu ongopitirira pang'ono 100, chakudya n'kutenga masiku atatu kapena kuposa. Burkitt anati kusiyana kwagona pa gaga ndi mitsitsi ya m'zakudya imene thupi siligaya, imene imagwira madzi n'kufewetsa chimbudzi. Azungu anamva. Anayamba kugula gaga wa tirigu m'mapaketi n'kumathira m'phala.

Apa tiyime kaye tiseke pang'ono, chifukwa pamene iwo ankagula gaga ndi ndalama, ife tinali kalikiliki kumuchotsa. Chimanga si mbewu yathu yachikhalire. Chinachokera ku Mexico, ndipo chinafika mu Africa pa zombo za Apwitikizi chitadutsa chaka cha 1500. David Livingstone poyenda m'chigwa cha Shire mu 1859 anachipeza chikulimidwa limodzi ndi mapira, mawere ndi nyemba. Pang'onopang'ono chimanga chinalanda ufumu, ndipo ulemu wa mayi pakhomo unakhala pa kuyera kwa nsima yake: kukonola, kupeta madeya, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka, kuyanika, kusinja. Zigayo zitabwera, mgaiwa unatengedwa ngati ufa wa kundende ndi kusukulu zogonera komweko. Madeya anakhala a nkhuku ndi nkhumba. Munthu ankawadya pokhapokha zinthu zikathina, ngati pa njala ya 1949 ndi ya 2002, n'chifukwa chake ambiri akawaona amakumbuka manyazi ndi maliro.

Nanga chinkateteza mimba za agogo athu n'chiyani ngati nsima inali yoyera? Taonani m'mbale ya ndiwo: nkhwani, bonongwe, chisoso, therere, khobwe, nandolo, kuwonjezera mbatata, chinangwa ndi chimanga chootcha. Zimene ankataya pa lichero ankazipezanso kumunda. Lero kadzutsa wa pamsika ndi tiyi wa shuga wambiri, mandasi ndi sikono, masana tchipisi ndi chakumwa cha m'botolo. Zimene Burkitt ankadandaula nazo ku Britain tikuzigulitsa tokha pabenchi.

Mwina mukuti nkhani yatha, tonse tibwerere ku mgaiwa. Ayi, dikirani. Kwa zaka pafupifupi 20 madokotala ankauza aliyense wa IBS kuti adye gaga. Mu 1994 madokotala awiri a ku Manchester, Francis ndi Whorwell, anafunsa odwala 100 za mmene gagayo anawathandizira. Okwana 55 anati zinthu zinaipiraipira, ndipo 10 okha ndi amene anati anapezako bwino. Gaga wokhakhala amathandiza mimba yaulesi, koma matumbo onyanyuka kale amangowakanda.

Kuwala kwina kunachokera ku Australia. Mu 2005 akatswiri a pa yunivesite ya Monash, Peter Gibson ndi Susan Shepherd, anafotokoza za gulu la timashuga tina timene anatipatsa dzina loti FODMAP. Timeneti sitilowa bwino m'magazi. Timakoka madzi m'matumbo, ndipo tikafika kumatumbo aakulu tizilombo ta mmenemo timatiwiritsa ngati thobwa losasa, mpweya n'kudzaza. Izi zimachitika mwa aliyense, koma munthu wa IBS amamva kuwawa pamene mnzake sakumva kanthu, chifukwa mitsempha yolumikiza matumbo ake ndi ubongo imamva mopitirira muyeso. N'chifukwa chakenso nkhawa ya ngongole kapena ya fizi imatha kudzutsa matendawa. Osler anaona mbali imodzi yokha: maganizo amakolezera moto, koma ululuwo ndi weniweni.

Mndandanda wa zakudya zokhala ndi timashugati ungakukhumudwitseni, chifukwa ndi msika wathu womwe uno: anyezi, adyo, nyemba ndi abale ake, zonse za ufa wa tirigu, mkaka, uchi, mpaka mango amene. Zimene sizivuta kawirikawiri ndi nsima, mpunga, mbatata ya kachewere, nsomba, mazira, papaya ndi malalanje. Koma cholinga si kusala zonsezo moyo wonse, mungawonde nazo chabe. Njira yake n'kuzisiya kwa masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi, kenako kubwezera chimodzichimodzi, kusiyanitsa masiku, uku mukulemba m'kakope zimene mwadya ndi mmene mimba yachitira. Ambiri amapeza kuti adani awo ndi awiri kapena atatu okha. Nyemba muziviika usiku n'kutaya madziwo. Anyezi mukazingeni m'mafuta m'zidutswa zikuluzikulu n'kumuchotsa musanathire madzi ndi tomato: fungo limatsalira m'mafuta, koma timashuga tija sitisungunuka m'mafuta.

Chenjezo ndi ili, abale anga. IBS si dzina lodzipatsa wekha pakhomo. Malamulo amene madokotala anagwirizana mu 2016, otchedwa Rome IV, amati ululu uzibwera tsiku limodzi kapena kuposa pasabata kwa miyezi itatu, ndipo uziyendera limodzi ndi kusintha kwa chimbudzi. Kuno kwathu ayambe aona kaye njoka za m'mimba, likodzo la m'matumbo, kamwazi, TB ndi HIV. Mukaona magazi m'chimbudzi, kuwonda popanda chifukwa, kutentha thupi, kuchepa magazi, kutsegula m'mimba kokudzutsani usiku, kapena vutoli likayamba mutapitirira zaka 50, musachedwe ndi kakope, pitani kuchipatala. Ndipo musamangogula makapisozi pamsika nthawi iliyonse m'mimba mukapotokola, chifukwa amaphanso tizilombo tabwino ta m'matumbo.

Burkitt anamwalira mu 1993, kutatsala chaka chimodzi kuti a ku Manchester aja akonze mfundo yake. Pa zambiri sanalakwitse: kwa amene mimba zawo zili bwino, mgaiwa ndi ndiwo zamasamba ndi chitetezo chotsika mtengo. Koma mbiriyi yationetsa kuti nthawi iliyonse madokotala akapeza yankho limodzi la anthu onse, ena ankatsalira akubuula. Choncho mnzanu akakana nyemba paukwati kapena pamaliro, musamunene kuti ndi wamatama. Mupatseni usipa, adye nanu.