Mawu Ofotokozera Ululu wa Ogwira Ntchito Zachifundo Amene Ntchito Yawathera

Boma la United States litaimitsa thandizo lake lopita kumayiko ena pa 20 January 2025, kenako n'kulengeza m'mwezi wa March kuti mapulogalamu 83 mwa 100 alionse a bungwe la USAID athetsedwa, anthu ambiri amene ankathandiza othawa kwawo, odwala ndi okhudzidwa ndi njala anapezeka ali pa ulova mwadzidzidzi, ndipo ngakhale nthambi za United Nations monga WFP ndi UNHCR zinachotsa antchito zikwizikwi. Vuto limene wofuna kuthandiza antchito oterewa amakumana nalo msanga ndi lakuti mawu ambiri a akatswiri a thanzi la m'maganizo anakonzedwa poganizira munthu amene adakali pa ntchito.

Mawu odziwika kwambiri ndi akuti burnout, kutanthauza kulema kwa thupi ndi mtima kobwera chifukwa chopanikizika pa ntchito kwa nthawi yaitali, komwe Herbert Freudenberger anakufotokoza mu 1974. Kawirikawiri wolema motere amalangizidwa kupuma, koma kuuza munthu wochotsedwa ntchito kuti apume ndi kumunyoza, pakuti chimene chikumusautsa ndi tsiku lopanda kopita. Zimene Marie Jahoda anaphunzitsa, zochokera pa kafukufuku wa anthu osowa ntchito m'mudzi wa Marienthal ku Austria wofalitsidwa mu 1933, n'zimene zimafika pafupi ndi choonadi: kuwonjezera pa malipiro, ntchito imapatsa munthu dongosolo la nthawi, anzake ocheza nawo, cholinga chochitira zinthu limodzi ndi ena komanso ulemu pakati pa anthu, ndipo zonsezi zimachoka tsiku limodzi.

Lingaliro lina lothandiza ndi la chisoni chosavomerezeka, limene Kenneth Doka analitchula mu 1989 pofotokoza kulira kumene anthu ozungulira sakuona kuti n'koyenera. Namfedwa amapepesedwa, amaphikiridwa ndiponso anthu amagona naye pa siwa, pomwe munthu wa m'bungwe, amene abale ankamuona ngati wopeza bwino, salandira chipepeso chilichonse, ndipo iye mwini amachita manyazi kudandaula pokumbukira kuti amene ankawathandizawo ndiwo ali pa mavuto oposa. Chozama kuposa apo ndi bala la m'chikumbumtima, lomwe Jonathan Shay analifotokoza mu 1994 polemba za asilikali a ku America amene anamenya nkhondo ku Vietnam, ndipo limabwera pamene wolamulira waphwanya chimene chili choyenera pa nkhani yokhudza moyo ndi imfa. Mlangizi amene analamulidwa kutseka ofesi osatsanzikana ndi odwala omwe ankawatsatira pa kamwedwe ka ma ARV samangodandaula za malipiro, koma amadziona ngati wawapereka, ngakhale chigamulocho sichinali chake.

Pa njira zothandizira, buku la WHO ndi mabungwe anzake la mu 2011 lonena za thandizo loyamba la m'maganizo limatchula zinthu zitatu, zomwe ndi kuona, kumvetsera ndi kulumikiza munthu ndi kumene angapeze zosowa zake, ndipo chachitatucho chikusonyeza kuti nkhani ya lendi ndi fizi ya ana siisiyanitsidwa ndi nkhani ya mtima. Palinso udindo wosamalira antchito, umene unamveka kwambiri mu 2015 khoti la ku Oslo litagamula kuti bungwe la Norwegian Refugee Council linanyozera chitetezo cha wantchito wake Steve Dennis, amene anabedwa ku Dadaab m'dziko la Kenya mu 2012. Kufooka kwa udindowu n'kwakuti nthawi zambiri umamangirizidwa ku mgwirizano wa ntchito, kotero kuti uphungu ndi inshuwalansi ya chipatala zimatha tsiku lomwelo limene munthu wabweza makiyi, ndipo antchito omwe ndi nzika za mayiko olandira thandizo, amene ndiwo ochuluka m'ntchitoyi, amatsala ndi abale amene ankadalira malipiro omwewo.