Njira zimene diresi la ukwati ladzera pofika pa Milepa

Kuno ku Chiradzulu ukwati amamanga ndi ankhoswe. Amalume a mnyamata akakumana ndi amalume a mtsikana, tambala ndi msoti n'kusinthana manja, khasu ndi lichero n'kuperekedwa, banja layamba. Agogo anga aakazi analowa m'banja atamanga biriwita pachifuwa, mikanda ili m'khosi, ndipo chinawalekanitsa ndi amuna awo ndi imfa. Diresi loyera linabwera pambuyo, ndipo nthawi zambiri lakhala likuchokera kutali. Ine ndine telala. Bambo anga ankasoka pakhonde la sitolo pa Milepa ndi makina a Singer opalasa ndi phazi, ndipo makinawo ndi amene ndikusokerabe. Madiresi a ukwati amene ndasoka kuyambira pansalu ndi owerengeka. Ntchito yanga yaikulu yakhala kupungula, kufutukula, kuchapa ndi kuwongola madiresi amene asokedwa kwina, motero ndimadziwa njira zimene akhala akudzera.

Kwawo kwenikweni ndi ku Mangalande. Mfumukazi Victoria pokwatiwa ndi Albert mu 1840 inavala zoyera, ndipo akazi a mabanja olemera anatengera. Amishoni a ku Scotland atakhazikika ku Blantyre mu 1876, akazi awo anayamba kuphunzitsa atsikana kusoka, kuchapa ndi kusita. Akatolika a chipani cha Montfort anatsegula Nguludi mu 1903. Ukwati wa m'tchalitchi unabwera ndi kaundula, mphete ndi chovala chake. Nsalu inkachokera kunyanja ya mchere, n'kukwera ndi Zambezi ndi Shire pa sitima zapamadzi, kenako pamitu ya amtengatenga mpaka m'masitolo a Mandala. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908.

Koma amene anapatsa zovala tanthauzo lina m'boma lino ndi John Chilembwe. Atabwerako ku America mu 1900 n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ankafuna kuti anthu ake aziwoneka aulemu pamaso pa aliyense. Mkazi wake Ida, pamodzi ndi Emma DeLany, mmishoni wachikuda wochokera ku America, ankaphunzitsa amayi kusoka. Mukaona zithunzi za pa Mbombwe za nthawi imeneyo, amayi ali m'madiresi aatali a manja ofika pamfundo, abambo ali m'masuti. Kumbukirani kuti awa ndi masiku a thangata m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, pamene munthu wakuda wovala chipewa ankakalipiridwa ngati sanachivule pokumana ndi mzungu. Mtsikana wa mlimi wa thangata kulowa m'tchalitchi atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi chinali chinthu chachikulu. Anthu amene amanyoza velo kuti ndi kungotengera zachizungu amaiwala mbali imeneyi. Kwa makolo athu ena, kuvala choncho kunali kuuza mwini esiteti kuti ifenso ndife anthu.

Komabe ovala anali ochepa: ana a aphunzitsi, a akulu a mpingo, a makalaliki. Anthu wamba ankachita chinkhoswe, ndipo ena ankakadalitsa ukwati wawo kutchalitchi ana atakula kale. Chimene chinafikitsa diresi m'midzi ndi ulendo wa amuna kupita kukagwira ntchito kunja. Chiradzulu ndi boma laling'ono, anthu ndi ambiri, minda ndi yochepa, ndipo msonkho unkafuna ndalama. Anyamata ankapita ku Halale, ku Bulawayo ndi ku Joni. Mlatho wa pa Sena utatha mu 1935, munthu ankatha kukwera sitima pa Limbe mpaka ku Beira osatsikira ngalawa pa Zambezi, kenako n'kulowera ku Rhodesia. Wobwerako ankabwera ndi bokosi lachitsulo lokhoma ndi loko, mkati muli suti, bulangeti, nsapato zosongoka ndi zovala za mtsikana amene anamusiyira chikole. Bambo ankanena kuti nthawi zambiri mnyamata sankagula diresi lathunthu, poopa kuphonya msinkhu. Ankagula nsalu yoyera yonyezimira, lesi ndi kansalu ka velo, n'kudzasiya kwa telala. Mtsikana sankayezedwa ndi mwamuna. Ankabwera ndi azakhali ake, iwo ndi amene ankazunguliza chingwe m'chiuno ndi pachifuwa, n'kumanga mfundo, telala n'kuyeza chingwecho.

Anthu amaganiza kuti diresi kukwera ndege ndi zadzana. Ayi ndithu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, bungwe la Wenela, lolemba anthu ntchito ya m'migodi ya golide, linali ndi ndege zakezake zonyamula anthu pakati pa Chileka ndi Francistown ku Botswana, komwe ankakwera sitima kupita ku Johannesburg. Alimi a nandolo ndi chinangwa amene anali asanakwerepo ngakhale galimoto yaing'ono ankauluka m'mwamba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pobwerera, kontirakiti itatha, katundu wawo ankayezedwa pasikelo, ndipo munthu ankasankha chotenga ndi chosiya. Wayilesi, bulangeti, jekete, ndipo kwa amene akudzakwatira, zovala za mkwatibwi.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ina ya Wenela inagwa itangonyamuka pa Francistown kubwera ku Blantyre. Amalawi 74 obwerera kwawo anafera pomwepo. Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi. Mu 1977 njira inatsegukanso pansi pa dzina la TEBA, koma anthu opita anali ochepa, ndipo mu 1988 inatsekekeratu pa mkangano wa kuyeza magazi a Amalawi. Malo okwerera basi ku Blantyre amene timangoti pa Wenela ndi chotsalira cha nthawi imeneyo.

Diresi limene ndimalikumbukira kwambiri linabwera pa ndege zimenezo chaka cha ngoziyo chisanafike. Analigula ndi mkamwini wina wa m'mudzi mwa mayi anga. Linali la nsalu yolemera, khosi lotseka, manja aatali a lesi, kumsana kuli timabatani tambirimbiri tokutidwa ndi nsalu, timene tinkatha mphindi zambiri kumanga. Mwini wake atavala, analichapa ndi sopo wamtanda, n'kuliviika m'madzi a buluu, n'kulipinda m'nsalu ya bedi ndi timibulu toyera tonunkha tothamangitsa njenjete, n'kulitsekera m'bokosi lachitsulo. Chaka chotsatira analibwereka mng'ono wake, kenako msuweni, kenako mwana wa anamkungwi, kenako anthu a kutsidya kwa dambo amene sitinkawadziwa n'komwe. Malipiro ake anali nkhuku kapena lichero la ufa woyera, nthawi zina zikomo chabe. Aliyense asanavale, linkabwera pakhonde kwa bambo. Amene analisoka ku Joni anasiya nsalu yambiri m'misoko ya m'mbali, ndiye wonenepa tinkamufutukulira, wochepa thupi tinkamupindira mkati. Bambo ankakana kudulako ngakhale kachidutswa. Ankati wodula diresi la ukwati walanda mtsikana amene sanabadwe. Mukalitembenuza mkati munkaona mizere ya mabowo a singano, uliwonse ndi mkwatibwi wake. Linasanduka lachikasu pang'ono, velo inasinthidwa, koma linagwira ntchito mpaka ulamuliro wa zipani zambiri utabwera.

Velo inali ndi malamulo ake. M'mipingo yambiri, mtsikana amene wapezeka ndi pakati kapena ali kale ndi mwana sankaloledwa kuphimba nkhope, mwinanso kuvala zoyera kumene. Amayi a mpingo ankafufuza, ndipo mudzi wonse unkawerenga miyezi kuchokera tsiku la ukwati. Suti ya mnyamata inalibe lamulo lililonse. Ndinaona atsikana akulira pakhonde pathu chifukwa cha kansalu kameneka, ndipo sindinakhutirepo ndi chilungamo chake. Boma nalo linali ndi lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa akazi mathalauza ndi zovala zoonetsa maondo, lomwe linathetsedwa mu 1993. Diresi la ukwati silinavutike nalo, popeza ndi lalitali kale. Operekeza mkwatibwi ndi amene tinkawayeza mosamala. Fasho inkafika mochedwa koma inkafika. Diana wa ku Mangalande atakwatiwa mu 1981 kuno kunalibe kanema, koma zithunzi za m'magazini zinayenda manja ndi manja, ndipo kwa zaka zambiri mtsikana aliyense ankafuna manja otukumuka ndi mchira wautali wokwekwereza m'fumbi.

Njira ya kumigodi itatsekeka, kaunjika ndi amene anadzaza mpata. M'mabelo ochokera ku Ulaya ndi ku America munkapezeka madiresi a ukwati ovalidwa kamodzi, ndipo amayi ochenjera a ku Limbe ankawasankha, kuwachapa n'kuyamba kubwereketsa pa ndalama. Tsankho litatha ku South Africa mu 1994, anthu anayambanso kupita, ulendo uno paokha, akazi ndi amuna omwe, kukagwira ntchito m'nyumba, m'minda yamaluwa ndi m'masitolo. Diresi linayamba kubwera pa basi: kunyamuka ku Johannesburg, kudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kutulukira Zobue ndi Mwanza, masiku awiri panjira. Linkafika litapanikizika pakati pa mabulangeti ndi zigubu za mafuta ophikira, likununkha dizilo. Lina linafika mafuta atadonthera pachifuwa penipeni. Tinasokapo maluwa a lesi, ndipo anthu pa perekaniperekani anatamanda maluwawo.

Ku maiko ena, anthu akafuna ukwati wakutali amasankha gombe kapena chilumba, ndipo kuno ena ayamba kuchitira wawo m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Koma kwa ife a chikamwini malo anasankhidwa kale. Mtsikana akhale ku Cape Town, ku Dublin kapena ku Leeds, ukwati umabwerera kuchikazi, pabwalo la amayi ake, pamene pali mbumba yake ndi manda a agogo ake. N'chifukwa chake diresi lakweranso ndege. Ambiri amagula ku Oriental Plaza ku Fordsburg kapena m'masitolo a Atchaina ku Johannesburg, ena amaitanitsa pa intaneti. Kuchokera ku Johannesburg kufika pa Chileka ndi maola awiri ndi pang'ono. Odziwa salilola kulowa pansi ndi masutikesi, chifukwa sutikesi ikhoza kutsalira n'kudzafika ukwati utatha. Amalitembenuza kuti mikanda ikhale mkati, amalipinda mofewa m'chikwama chake chachitali cha zipi, n'kulowa nalo m'manja. Katundu wa m'manja nthawi zambiri saloledwa kupitirira makilogalamu 7, ndiye pitikoti ya mawaya ndi nsapato zimapita m'sutikesi. Ogwira ntchito m'ndege akakoma mtima amalipachika m'kabati, apo ayi amaligoneka pamwamba pa zikwama za anthu ena.

M'ndege mulibe vuto lalikulu. Diresi limaonongekera pakati pa Chileka ndi pakhomo. Pali minibasi ya ku Limbe, pali ina yobwera kuno yodzaza matumba a feteleza, pali njinga ya kabaza yolowera kumudzi, ndipo maukwati ambiri amachitika chilimwe anthu atakolola, nthawi ya fumbi lofiira. Likafika, silikhala m'nyumba ya utsi. Timalikuta ndi nsalu ya bedi yoyera, n'kulipachika pamtanda wa denga kutali ndi khoma, kuopa chiswe ndi makoswe. Nsalu zamakonozi ndi zapulasitiki, zimakwinyika zikangomva moto, ngati jumbo pambaula. Simbi ya makala siyenera kulikhudza, ndipo kamoto kamodzi kothetheka kamaboola. Ine ndimawiritsa madzi mumphika waukulu, atsikana awiri agwire diresi pamwamba, nthunzi iziwongola makwinya pang'onopang'ono. Ndiye pali nkhani ya mapewa. Madiresi a kunja ambiri alibe manja, pamene akulu a mpingo kuno safuna kuona mapewa ali pamtunda. Usiku wa Lachisanu umandipeza ndikusoka kajekete ka lesi ndi nyali ya sola.

Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kumpingo kapena kumzikiti, ndi wa chikhalidwe, ndipo silitchula chovala. Ankhoswe nawonso safunsa za diresi akamakhala pansi kuweruza banja likagwedezeka. Koma atsikana amalifuna, ndipo sindiwaimba mlandu. Chimene chimandipweteka n'chakuti madiresi a masiku ano amasokedwa mothina, msoko wake n'kudulidwa pafupi, moti wina sangalifutukule. Lolemba m'mawa mwini wake amalipindanso m'chikwama cha zipi, n'kukwera nalo ndege kukalitsekera m'kabati kunja, pamene mng'ono wake pano adzagulitsa mbuzi kuti abwereke lina ku Limbe.

Inu ana athu amene muli kunja, pogula sankhani lokulirapo, lokhala ndi nsalu m'misoko, chifukwa kupungula n'kosavuta. Fikani nalo sabata isanathe kuti telala alione masana. Ndipo ukwati ukatha, lichapeni, mulisiye kwa amayi anu, kuli atsikana ambiri m'mbumba mwanu amene akudikira.