Foni Inafika, Koma Amaigwira Ndani?

Agogo athu atabwera ku Bulawayo kudzagwira ntchito ku njanji ndi m'mafakitale, uthenga wa matenda unkayenda pa kalata. Nthawi zina kalata yochokera ku Ntcheu inkafika ku Njube wodwalayo ataikidwa kale m'manda.

Zinthu zinatembenuka mu 2011. Kuno ku Zimbabwe kunayamba EcoCash, ndipo ku Balaka bungwe la VillageReach linatsegula Chipatala Cha Pa Foni kuti amayi oyembekezera ndi olera ana aziimba n'kufunsa azaumoyo m'Chichewa. Kenako nambala ya 54747 inafalikira m'Malawi yense, yaulere pa Airtel, mpaka Unduna wa Zaumoyo unaitenga. Mu 2014 South Africa inayambitsa MomConnect, yotumizira amayi oyembekezera mauthenga pa foni.

Zotumiza ndalama tinaphunzira msanga, ngakhale agogo. Zaumoyo tinachedwa nazo. Ndinaziona bwino kuyambira pa 30 March 2020, pamene Covid-19 inatitsekera m'nyumba, msika uli zii, malire otseka. Atsikana ankafunsa za mankhwala pa WhatsApp. Amayi anga, odwala BP, ankadikira kuti ndiwawerengere. Chewa chinalowa m'malamulo a dziko lino mu 2013 ngati chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma mauthenga a pa foni yawo ankabwera m'Chingerezi, zilembo zake zazing'ono, maso atatopa kale.

Ena chinawatchinga ndi chitupa. SIM khadi imalembetsedwa ndi chitupa, ndipo ana ambiri a obwera anakula opanda mapepala. Wotere amalembetsa m'dzina la mwana kapena la mwamuna. Tsono mayi angafunse bwanji za kulera kapena za ma ARV pa foni yomwe madzulo amagwira ndi apongozi? Winanso foni ndi yakeyake, koma ndalama ya bandulo ndi yomweyo ya mpiku wa tomato.

Amayi anzanga a ku Lilongwe, Johannesburg ndi kuno kwathu, bokosi lathu laphunzitsa ambiri kusunga ndi kuwerengera. Ndikupempha kuti pa tsiku losonkha, tikatseka buku, tizipatula mphindi khumi. Wodziwa foni akhale pambali ndi wosadziwa, awiriwiri, ndipo zomwe wawerengazo zithere pomwepo. Amene alibe foni yakeyake akhale woyamba pa ngongole yotsatira.