Kulemera kwa Neutrino

M'zaka zimene amuna a ku Malawi anali kupita ku Joni ndi Wenela, mgodi wina wa golide unagwira nchito yacilendo. Pa 23 February 1965, m'mgodi wa East Rand ku Boksburg, Frederick Reines ndi Friedel Sellschop pamodzi ndi anzao anaona cizindikiro ca neutrino yobadwira mumlengalenga. Anaika makina ao mamailosi awiri pansi pa nthaka kuti thanthwe litsekereze tizinthu tina tonse togwa kumwamba. Pakuti neutrino yokha ipyola thanthwe monga ngati palibe kanthu.

Kanthuka anayamba kukaganizira Wolfgang Pauli mu 1930, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri anayesa kuti kalibe kulemera konse. Mu 1998, m'mgodi wa Kamioka ku Japan, cinadziwika kuti neutrino isandulika mtundu iri paulendo, cimene sicitheka kwa cinthu copanda kulemera. Kusandulikaku kunasonyeza kuti mitundu yace itatu pamodzi siicepera pa 0.06 eV, pamene electron imodzi ilemera 511,000 eV. Nanga sikelo yoyesera kanthu kotere ipezeka kuti?

Sikeloyo ndiyo thambo, monga Gershtein ndi Zeldovich anayamba kuonetsa mu 1966. Munthu wa ku Minga amene anaona Luangwa adziwa kuti mcenga uunjikana pamene madzi ayenda pang'onopang'ono, koma pa mkokomo suima. Momwemonso zinthu za m'cilengedwe zinakokana kufikira zinapanga milalang'amba, ndiyo miunjiko ya nyenyezi, koma maneutrino, pokhala aliwiro ndi osawerengeka, anathawa m'miulu yaing'ono osathandiza kuimanga. Tsono akakhala olemerapo, miuluyo ikula moperewera. Ndipo woyesa kuunjikana kwa milalang'amba ayesanso neutrino.

Mu 2018 a Planck anapeza kuti mitundu itatuyo siifika pa 0.12 eV. Mu 2025 a DESI, ogwira nchito pa phiri la Kitt Peak ku Arizona, anatsitsa malirewo kufika pa 0.064. Mpata wotsala pakati pa 0.06 ndi 0.064 ngwopapatiza kwambiri, ndipo mpoyenera kucenjera nawo, popeza muyesowo utsamira pa ganizo lakuti mphamvu yofutukula thambo siisintha, cimene a DESI eni ace acikayika. Makina a KATRIN ku Karlsruhe, amene sadalira thambo, m'caka comweco anafika pa 0.45 eV pokha.